Malipoti a Koleji pa Khoma la Apongozi

Loweruka lapitali ndinawerenga lipoti la akuluakulu a ku koleji nditapendeketsa khosi, chifukwa tsamba lina analimata mozondoka.

Ndiyambe poyambira. Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ndiye amasunga mapepala akale a koleji yathu masiku ano. Tinakumana m'basi yobwera kuno ku Ntchisi kumene ndimaphunzitsa, ndipo anandidandaulira kuti chiswe chinalowa m'chipinda cha malipoti. Akuti chinadya mwaulemu: zikuto chinazisiya, zam'kati chinasandutsa dothi. Chinapita ndi malipoti a zaka zoyambirira, pamene akuluakulu ankakambirana zoti atsikana azigona kuti, aziphunzira chiyani.

"Ankatayipa ndi mayi akunyumba aja," anatero. "Makope a kaboni sankasunga?"

Ankasunga. Mkazi wanga Nelia sankataya pepala. Anatisiya mvula ya chaka chatha ili pakati, ndipo za izo sindilemba zambiri pano. Bokosi lake lachitsulo linapita kwawo ku Bowe pamodzi ndi zovala. Ine chiikire maliro ndinali ndisanapondeko. Mkamwini wopanda mkazi amakatani pamudzi pa eni? Amakati wadzera chiyani?

Tsopano chodzera chinapezeka, ndipo ndinapalasa njinga.

Ndinapeza mlamu wanga Edina, mng'ono wa Nelia, akusoka fodya m'chigafa.

"Alamu, mwasochera? Msewu wa ku Ntchisi ndi uwo."

"Ndabwera konkuno."

"Ndiye kuondaku? Kusukuluko mukudya choko?"

Nditamufotokozera za mapepala, anaseka mpaka singano inagwa m'manja.

"Alipo, onse. Koma kuti muwaone, mulowe m'nyumba mwa apongozi anu."

Inu akuno mukudziwa tanthauzo lake. Chikwatirire, ine ndi apongozi anga aakazi sitinayang'anizanepo kumaso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Mawu ankadzera mwa munthu wina, ngakhale tonse tikumvana bwinobwino. Ndinaima pabwalo ngati chitsa, mpaka mawu anachokera kuseri kwa nkhokwe.

"Edina, uwauze alowe. Nyumba siluma."

Ndinalowa. Makoma onse, kuyambira pansi mpaka pamene pamayambira denga, anali mapepala okhaokha, omatidwa ndi phala, osalazidwa bwino ndi chikhatho. Ena ataima, ena atagona chammbali. Kudzanja langa lamanja kunali za nyumba zogona ophunzira. Pamwamba pa mtsuko wa madzi panali za malamulo a mayeso.

Apongozi anasendera pakhonde, atandifulatira.

"Uwauze kuti anzanga amamata nyuzipepala, ine ndinakana. Nyuzipepala analemba ndi ana a eni. Apa panadutsa zala za mwana wanga."

Edina anabwereza mawu onsewo, ngati kuti ndine gonthi.

"Uwafunse, pafupi ndi zenerapo palembedwa chiyani? Pamenepo ndi pamene ndimayang'ana ndikamadzuka."

Apongozi sawerenga, Chichewa kapena Chingerezi. Chaka chonse akhala akugona pakati pa mawu amene sanawamvepo. Ndinapendeketsa khosi n'kuyamba kumasulira.

"Akuti akuluakulu anakumana kukambirana za madzi a ku nyumba zogona atsikana."

"Ndiye anagamula bwanji?"

Funsolo silinadzere mwa Edina. Tonse tinazindikira, koma palibe anatchula.

"Anagwirizana kuti adzakumanenso."

"Basi?"

"Basi. Ndipo tsamba ili likuti anakumanadi, n'kusankha anthu oti akaone ngati n'koyenera kusankha anthu ena."

"Anthu ophunzira onsewo? Ndiye akusiyana pati ndi abambo akumpingo kwathu pa nkhani ya denga lodontha lija?"

Ndinaseka. Ndinadabwa kumva kuti mawu anga akutha kutero. Tinapitirira tsamba ndi tsamba. Titafika pamene mkulu wina ankafunsa ngati atsikana angathe maphunziro a zaulimi, apongozi anawomba m'manja kamodzi.

"Ameneyo abwere ku Bowe m'nyengo yopalira, adzaone amene amagwira khasu."

"Adzabwere ndi khasu lake," anatero Edina. "Lathu sitibwereketsa."

Tsamba lotsatira, limene linati atsikana aloledwe, tinalipeza kuseri kwa chitseko. Ndinaliwerenga kawiri, chifukwa apongozi anati ndibwereze.

Owerenga anzanga, musandimve molakwa. Sindikunyoza malipoti. Mnzanga uja akunena zoona: tsiku lina mtsikana wa ku Chezi kapena ku Dzoole, atavala mkanjo wa omaliza maphunziro, adzafuna kudziwa kuti chitseko chimene analowera chinatseguka bwanji, anakana ndani, anavomera ndani. Akadzapeza zikuto zokha, tidzamuuza chiyani?

Koma taganizani mmene timasungira zinthu m'maofesi athu. Lipoti likatha, timalimanga ndi chingwe, timalitsekera m'chipinda, kiyi n'kumupatsa munthu amene ali patchuthi. Timati tasunga. Kusunga kotani kumene woyamba kutsegula ndi chiswe? Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Pepala limene palibe akuliyang'ana lili pachala.

Ndipo ndani wa ife anaganizapo zokawerengera makolo zimene zimakambidwa m'zipinda za misonkhano? Ana ndi awo. Anawagulitsira mbuzi, anawaperekeza pa basi. Koma zogamula za anawo timazilemba m'chilankhulo chimene iwo samva, n'kuzikhoma. Ine m'tsiku limodzi ndinamva ndemanga zabwino pa lipotilo kuposa zimene linalandira chilembedwere.

Komabe ndinali nditatumidwa. Ndinayesa kakona ka tsamba lina ndi chikhadabo. Kanabwera ndi dothi la khoma, ndipo pepala linayamba kung'ambika. Ndinachotsa dzanja. Kuwasiya, koleji ikhala yopanda mbiri yake. Kuwamatula, mayi atsala ndi khoma losendeka. 

Pakhomo panachita mdima. Apongozi anali ataima pamenepo, maso ali pansi, koma atatembenukira kwa ine.

"Bambo, pepala silichoka pakhoma. Ngati akoleji akufuna mawuwo, inu muli ndi manja. Muzibwera Loweruka, muzikopera. Mpando ndi uwo."

"Makoma onsewa, amayi?" anafunsa Edina. "Ndi kalembedwe ka alamu kaja? Adzamaliza ife titakolola kawiri."

"Nanga iwe akukuthamangitsa ndani?"

Ndinayamba tsiku lomwelo, khoma la kum'mawa. Edina amandigwirira makwerero ndikafika pamwamba, uku akundinena kuti ndikulemera ngati thumba la madeya. Apongozi amakhala pamphasa chapakhomo, akutongola chimanga, ndipo ndime iliyonse amafuna aimve ndisanailembe.

Nanga inu, m'bokosi la pansi pa bedi muli mapepala a yani, ndipo munawawerengerapo ndani?

Mnzanga wa ku koleji, ngati ukuwerenga: malipoti ako apezeka, ali bwino, ndipo ali ndi mlonda amene chiswe chimamuopa. Udzawalandira. Koma usandifulumize. Ndikulemba pang'onopang'ono.