Chikhatho Chomwe Ndinawonjezera pa Diresi la Asiyatu

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku lomwe mzimayi wina anandionetsa foni m'malo mondionetsa nsalu. Ndinali pakhonde la sitolo kwa Mponda, pomwe ndinasokerapo kuyambira ndevu zanga zili zakuda bii. Anaima patsogolo pa makina, nati, "Che Bwanali, mungasoke chonchi?" Ndinasuzumira. Diresilo linali lokongola ndithu, koma wovalayo analibe mimba, ngati sanalawepo chinangwa chibadwire. Ndinati ndingathe. Iye anati, "Ayi, ndimangofunsa. Ndaitanitsa kale ku Joni." Basi, uyo wapita.

Kaunjika anali atandithyola kale mwendo umodzi, foni inabwera kudzamaliza winawo. Nditafika kunyumba ndinauza mkazi wanga, Abiti Jafali, kuti ngati makasitomala anga akupita ku Joni ali chikhalire pamkeka, ine ndikawadikirira komweko. Anandiyang'ana kuyambira pachisoti mpaka kuzikhadabo. "Pa ukalamba uno? Anzanu akubwerako, inu ndiye muzipita?" Mwana wathu womaliza, Asiyatu, nthawi imeneyo anali akadali pasukulu, masaya ali ngati mandasi ongophula kumene. Ndi iyeyo amene anandisenzera mutu wa makina mpaka kudepoti.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, ndiye mukapeza malembo apendekeka musandiitanire aphunzitsi. Koma diso ndinali nalo. Munthu akangodutsa pamsewu ndinkadziwa chiuno chake osatulutsa tepi, mpaka a Shehe anandikokerapo pambali n'kundiuza kuti luso limeneli ndizisungira okhawo obwera ndi nsalu.

Ku Joni ndinapeza kachipinda kuseri kwa saluni ya Mayi Rozina, a ku Makanjira, omwe makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Kachipindako kankakwana ine, makina ndi kuzizira. Kuzizira kwa kumeneko sikumva bulangete. Lachisanu ndikachoka kumzikiti panalibe wondiitana kuti tikamwe tiyi, ndipo masiku ena munthu yekhayo amene ndinkacheza naye anali chidole chovekapo zovala, chopanda mutu. Ubwino wake sichinkatsutsa.

Mayi Rozina ndi amene ananditsegulira msika woyamba wa mufoni, tsamba la buluu lija. "Ankolo, kuno khonde kulibe. Khonde ndi ili," anatero akugogoda foni ndi chikhadabo chofiira. Ndinayamba kujambula madiresi ndi mikanjo n'kumaika. Zinayenda. Amalawi a ku Debeni, a ku Kepu, onse ankanditumizira maoda, ndipo Abiti Jafali anafolera nyumba ndi malata.

Nditangozolowera kumene, kunachita zii. Ndimati mwina ndalodzedwa. Mayi Rozina anaseka mpaka anagwetsa chipeso. "Anthu anasamuka, Ankolo. Kwatsala inu ndi azibusa." Ati tsopano malonda ali ku kobiriwira kaja, komwe chithunzi chimakhala tsiku limodzi n'kusowa chokha, ngati nsomba yaiwisi yosachedwa kuwonongeka. Ndinasamuka. Kenaka kunabwera msika wina wa zithunzi zokhazokha, komwe ngakhale chigamba chimafunika kunyezimira. Ndinasamukanso. Asodzi a kwathu amadziwa kuti usipa ukamachoka sutsanzika mwini ngalawa, umangodzuka n'kupeza madzi okhaokha. Ineyo ndinakhala msodzi wotere, kupalasa uku ndi uku, foni ili m'manja, singano ili pakamwa.

Womaliza ndiye unandivula ulemu. Msika wovina. Kumeneko diresi losagwedezeka palibe amaliona. Ine, munthu wa imvi, wa mzere woyamba kumzikiti, ndinakoleka tepi m'khosi n'kumazungulira ndi chidole chopanda mutu chija, Mayi Rozina akujambula. Anthu anaonera ambirimbiri. Ankalemba kuti, "Agogo awa ndi moto!" Koma kuseka sikulipira lendi. Oseka anali khwimbi, ogula ochepa, ndipo bandulo inkadya kuposa ine. Miyezi ina kunyumba ndinkatumiza, miyezi ina ndinkangotumiza chithunzi changa nditaima pakhomo la shopu ya Mmwenye ngati ndi yanga.

Tsono mverani nzeru yanga, yomwe ndinkanyadira kuposa kuvinako. Telala wa mufoni sagwira munthu, amasokera chithunzi. Ndipo msika uliwonse watsopano unkabwera ndi bodza lake lokulirapo. Mayi wina wa ku Debeni ananditumizira chithunzi ali ngati bango. Ndinasoka. Diresi linakakamira m'mapewa, anachita kuling'amba kuti apume, ndipo mawu omwe ananditumizira sindingawalembe pano nditatawaza kale kukonzekera mapemphero. Ukati adziyeze okha ndi tepi, amayamba akoka mpweya. Ndiye ndinapanga lamulo langa. Chithunzi cha ku buluu, wonjezera zala ziwiri. Cha konyezimira kuja, zala zitatu. Cha masiku ano ovina, usawerenge n'komwe, ika chikhatho chonse. Kuyambira pamenepo palibe diresi linabwezedwa. Ndinkadziguguda pachifuwa kuti foni inganamize dziko lonse koma osati Bwanali.

Kunyumba tinkalankhulana mwachidule, poti bandulo inali ya malonda. Tsiku lina Abiti Jafali anati, "Mwanayu akutsokomola." Ndinati amwe mandimu ndi uchi. Ulendo wina anati apita naye kuchipatala, ndinatumiza kangachepe, nkhani kwa ine inathera pomwepo. Mkazi wanga sabwereza mawu, anabadwa choncho. Asiyatu yekha ndi amene ankanditumizira zithunzi zake mwakamodzikamodzi, zopanda mawu alionse. Ndinkaziona pakati pa maoda, ndikumuyankha moseka, "Foni yako ikudziwa ntchito, mama. Masaya aja wawabisa kuti?"

Kenaka kunabwera uthenga wa ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu. Mnyamata wa ku Nkopola, wokonza mainjini a maboti, anali atafunsira Asiyatu. Ndinalumpha ngati ndili pavidiyo. Ndinati diresi la mwana wanga silichokera kwa munthu wina ine ndili moyo. Ndinamuuza atumize chithunzi ataimirira. Chinabwera, ataima pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu, manja ali ngati timitengo ta chinangwa. Ndinaonetsa Mayi Rozina. "Taonani, nawo kwathu aphunzira bodza!" Iwo anayang'anitsitsa, nati, "Ankolo, mwafunsa bwinobwino?" Ine ndinati, "Mayi, inu lukani tsitsi. Ziuno ndi zanga." Ndinaika chikhatho chonse, ndikukumbukira mandasi aja.

Diresi limenelo ndinalisoka ndi mtima wonse. Nsalu yoyera ngati mkaka, manja aatali, mikanda ndinalowetsa umodziumodzi mpaka maso kuyabwa. Ndinalijambulanso n'kuika kumsika wovina, anthu analikonda kuposa chilichonse chomwe ndinasokapo. Ndinalinyamula pamiyendo ulendo wonse wa basi, sindinalole kuti likwere pamwamba ndi katundu wa matransipota.

Kwa Mponda ndinapeza khonde langa lija lili ndi kabokosi kogulitsira mayunitsi ndi kutchajira mafoni. Anthu anali atakhala pomwe ndinkakhala ine, aliyense atawerama, palibe wolankhula ndi mnzake. Amene anadzutsa mutu sanati "Che Bwanali atelala". Anati, "Eee, ndi agogo ovina aja!" Ndinavina pang'ono, nanga ndikanatani.

Pakhomo ndinalonjeredwa ndi mtsikana wina yemwe anagwada n'kulandira chikwama. Ndinamuzindikira atatsegula pakamwa. "Mwafika bwino, Ababa?" Mawuwo anali a Asiyatu. Zina zonse zinali za pachithunzi chija, ndendende, popanda chochotsa kapena chowonjezera.

Ndinati mwina ndi chitenje chikumuchepetsa. Ndinamuuza ayese diresi. Analowa kuchipinda ndi mayi ake. Atatuluka, diresi linali lendee ngati ukonde woyanika pamtengo. Mapewa anagwera m'zigongono. Mikanda yanga yonse ija inkayang'ana pansi.

Ndikadali kufunafuna nthabwala, Abiti Jafali anakhala pamkeka, nati, "Munasokera ndani, bambo a Asiyatu? Muli ndi mwana wina kumeneko?"

Ndinayamba kufotokoza za lamulo langa, za zala ziwiri ndi zitatu, za mayi wa ku Debeni. Asiyatu anandidula mofatsa. "Ababa, foni yangayi ndi yakale, ilibe zochepetsa anthu zimenezo." Anakoka nsalu yomwe inkatsetsereka paphewa. "Chinali chifuwa chachikulu. Mankhwala ndamwa miyezi yambiri, pano ndikupezako bwino. Pakamwa zinkandivuta kukuuzani, ndiye ndinkatumiza zithunzi kuti muone nokha. Paja inu mumaona munthu kamodzi n'kudziwa."

Paja ine ndimaona munthu kamodzi n'kudziwa. Dziko lonse linkandinamiza ndipo ndinkaligwira. Munthu mmodzi yekha anandiuza zoona, ameneyo ndiye ndinamuseka.

Ndinachotsa tepi m'khosi, tepi yomweyo yovinira, ndinamuyeza mwana wanga ngati mlendo. Dzanja lake linakwana pakati pa chala changa chachikulu ndi cholozera, malo n'kutsala. Abiti Jafali anandipatsa sizasi. "Dulani, nthawi yatha." Ndinaigwira, ndinaiyikanso pansi. Sindinadule kalikonse. Chikhatho chonse chija ndinachipinda mkati, m'mbali zonse ziwiri, n'kusoka ndi ulusi wosavuta kumasula. Pa ndowa anthu anayamikira kuti diresi lakhala bwino, ena anajambula n'kuika m'misika yawo. Palibe anadziwa zomwe zinali mkati.

Ku Joni sindinabwerereko. Makina, omwe ananditsatira ndi matransipota, ali pansi pa mango uja, makasitomala ndi ochepa, ambiri ndi azigamba ndi mayunifolomu. Mayi Rozina anandiimbira posachedwapa kuti kwatsegulidwanso msika wina, ati kumeneko umagulitsa anthu akukuonera pompopompo. Ndinawauza kuti usipa upite, ngalawa yanga yabooka.

Diresi la ndowa salivala kawiri, ndikudziwa, musandiphunzitse ntchito. Koma Asiyatu akabwera kudzationa kuchokera ku Nkopola ndimamukakamiza kuti alowemo. Amadandaula, "Ababa, kuchipatala kuli sikelo." Ine ndimati ya kuchipatala sindiikhulupirira. Ulendo wathawu diresi linathina pang'ono m'chiuno, ndinamasula chala chimodzi, Abiti Jafali akuyang'ana kumbali ngati sakuona. Zala zinazo zikadali mkati, zopinda. Ndili pompano, ndikudikira.