Belu la Bambo Eugene

Tusekele adafika kutsidya la nyanja, mumzinda wa South Bend ku Indiana, mu Januwale, chipale chofewa chili mbuu, atavala juzi yomwe adagula ku Mzuzu poganiza kuti kuzizira nkumodzi. Adatsatira mwamuna wake Hamilton, amene ankaphunzira za makompyuta. Kwawo ku Karonga adali mphunzitsi wa sitandade folo, koma kuno mapepala a uphunzitsiwo adangokhala m'sutikesi. Chilolezo chogwira ntchito chitatuluka, amayi a kutchalitchi adamulangiza kuti aapulaye kosi ya milungu ingapo, akhale wothandizira anesi m'nyumba yosungirako okalamba, monga ambiri a iwo.

Sabata yoyamba ankabwera kunyumba atathedwa nzeru. Adali asadaonepo nkhalamba makumi asanu ndi limodzi pansi pa denga limodzi, aliyense ndi nambala yake pachitseko. Koma manja ake adazolowera msanga. Adaphunzira kutembenuza munthu pabedi maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, kudyetsa wovutika kumeza, kusambitsa bambo wamanyazi popanda kumuchotsa ulemu. Masana ankagwira shifiti, madzulo sukulu, ndipo patatha zaka zisanu adakhoza mayeso a unesi. Hamilton atapeza ntchito ku Indianapolis, banja lidasamukira ku Lawrence, dera la m'mphepete mwa mzindawo, ndipo Tusekele adapatsidwa phiko, kapena kuti chigawo, la zipinda makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu m'nyumba ina ya okalamba kumeneko.

M'phiko limenelo mudali Bambo Eugene, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, amene sitiroko idawapha mbali yakumanzere ndi kuwalemeretsa lilime. Adagwa katatu mwezi umodzi, nthawi zonse pakati pa bedi ndi chimbudzi. Kachitatu adang'ambika pachipumi. Othandizira ankati ndi munthu wamakani: saliza belu loitanira anesi, amangodzuka yekha, ndipo ukamawadzutsa pansi amakukankha nkumakalipa mawu osamveka.

Melissa, mkulu wa anesi, sadali munthu woipa, koma adali wotopa. Antchito adali ochepa, ndipo aliyense ankadziwa kuti oyendera a boma atha kutulukira tsiku lililonse. Pamsonkhano wam'mawa adati Bambo Eugene mutu wayamba kusokonekera, choncho apempha dokotala awalembere mankhwala owakhazika mtima pansi. Tusekele adawaona kale mankhwala amtunduwo ku South Bend: munthu amagona masana onse, miyendo nkufooka, kenako nkugwa moposa kale. Adapempha kuti amupatse masiku atatu dokotala asadaimbiridwe foni. Melissa adamupatsa awiri.

Tsiku lomwelo, nthawi yake yopuma, adatenga chakudya chake nkukakhala pampando wa m'chipinda cha Bambo Eugene. Sadawafunse kanthu. Iwo adamuyang'ana cham'mbali, nkhope ili gwa. Patapita mphindi makumi awiri adayamba kutakataka, nkutambasula dzanja lamanja kudutsa pachifuwa, kulunjika kuchitsulo chakumanzere kwa bedi. Zala zidaperewera pang'ono. Adayesanso, kenako adatukwana nkuyamba kutsitsa mwendo pansi.

Belu lidali lomangidwa kuchitsulo chakumanzere, pafupi ndi dzanja lakufa lija. Pulagi yake idali kukhoma la mbali imeneyo, ndiye aliyense woyala bedi ankalibwezera pomwe adalipeza.

Tusekele adawaperekeza kuchimbudzi, adawabwezera pabedi, nkumasula belulo kuliika m'dzanja lawo lamanja. Adagwada kuti maso awo alingane.

"Bambo, mwakhala mukulifuna ili masiku onsewa?"

Mkuluyo adalimbana ndi lilime lake kwa kanthawi. "Ndinkawauza," adatero. "Palibe wodikira ndimalize."

Tusekele adachita manyazi, chifukwa nayenso adalowamo m'mawa womwewo kudzapereka mankhwala, ndipo belulo sadaliyang'ane. Koma sadakhalitse pamanyaziwo. Adatenga pepala nkulowa chipinda ndi chipinda, ndipo paliponse ankapempha mwini chipinda kuti alize belu iye akuona. Asanu ndi awiri adalephera. Belu lina lidagwera kuseri kwa bedi, lina chingwe chake chidali chachifupi kwa munthu wokhala pawilutcheya, ndipo mayi wina wanyamakazi zala zake sizinkatha kudinikiza batani lolimba. Adalemba zonse, nambala ya chipinda ndi chomwe adapeza, nkusayina dzina lake pansi.

Melissa atawerenga adatseka chitseko cha ofesi. Adati zonsezo zikonzedwa lero lomwe, koma pepalalo lisalowe m'fayilo, pakuti oyendera akaliona aliyesa umboni wakuti nyumbayi imanyalanyaza anthu. Adamukumbutsanso kuti phikolo nlake, ndipo dzina loyamba kufunsidwa likhala lake.

"Ndikudziwa kuti nlanga," adayankha Tusekele. "Nchifukwa chake ndasayina. Tikalibisa, mwezi wamawa abwera atsopano, amanganso belu kumanzere."

Hamilton atamva nkhaniyi madzulo adada nkhawa. Adati mlendo salimbana ndi eni mudzi, ndipo ntchito zimatha ndi zinthu zazing'ono ngati zimenezi. Mkazi wake adamuuza kuti nesi sasowa ntchito ku Indiana, koma munthu akathyoka chiuno pamsinkhu umenewo nthawi zambiri sadzukanso. Lipotilo lidalowa m'fayilo.

Oyendera adabwera patatha milungu itatu, amayi awiri ochokera ku maofesi a boma a pakati pa mzinda, ndipo adakhala masiku anayi. Adafunsa za kugwa kwa Bambo Eugene, ndipo Tusekele adafotokoza mmene zidakhalira, osawonjezera, osachotsera. Nyumbayo idalembedwa kuti idalakwitsa, monga Melissa ankaopera. Koma amayiwo adapezanso kuti mabelu onse adali atasunthidwa kale, mayi wanyamakazi adali ndi belu lofewa longogunda ndi chikhatho, ndipo nesi aliyense poyamba shifiti ankatcheka mabelu a phiko lake. Adavomera dongosololo popanda kuwonjezapo china.

Melissa adatha sabata akungomupatsa moni wapakamwa. Lolemba lotsatira adamuitana nkumufunsa ngati angavomere kuphunzitsa othandizira onse atsopano asadapatsidwe odwala. Tusekele adavomera, koma adati akufuna tsiku lathunthu ndi gulu lililonse, osati maola awiri. Adakangana pang'ono, nkugwirizana pa maola asanu ndi limodzi. Mpaka lero ndiye amene amawalandira. Amawagoneka pabedi mmodzimmodzi, dzanja limodzi atalipanikiza kumsana, nkuwauza kuti aitane thandizo. Amawaphunzitsanso kuwerenga chamumtima mpaka khumi wodwala akamavutika kutulutsa mawu.

Bambo Eugene sadalandire mankhwala aja. Belu ankaliliza kwambiri mpaka othandizira ankadandaula, ndipo chaka chonse chotsatira adagwa kamodzi kokha, potola magalasi. Anthu atayamba kuwadikira, mawu awo adamasuka, ndipo m'pamene zidadziwika kuti adagwira umakaniko zaka makumi anayi m'galaja ina ku Speedway. Zenera lawo lidayang'ana poimika magalimoto. M'mawa wina, Tusekele akuwayeza magazi, adamugwira mkono nkumuuza pang'onopang'ono kuti galimoto yake ikamaima ikulira molakwika, lamba wa injini watha, asadikire chisanu. Loweruka adapita nayo kugalaja ya ku Lawrence, ndipo makaniko adamuonetsa lambayo ali ming'alu yokhayokha. Lolemba adabwera ndi lamba wakuthayo m'pepala la pulasitiki kuti Bambo Eugene amuone. Iwo adamutembenuza ndi dzanja lamanja, adagwedeza mutu, nkufunsa kuti matayala adawasintha liti.