Chigamba Chokhwima

Pa dooko la pamathiriro a Bua panalibe bwato lokalamba limene silinadutse m'manja mwa a Idrisa. Ntchito yawo inali yokhoma zigamba. Ankatola mapoto obooka a aluminiyamu, kuwadula, kuwayala pa chidutswa cha njanji, nyundo nkuyamba kulira. Akamenya ankapinda chitsulocho nkumenyanso, kupindanso, kumenyanso, osachionetsa moto ngakhale pang'ono. Chitsulo choti munthu akanachipinda ndi zala chinkachoka pamenepo chili gwa, bwato nkumakhula pamchenga zaka ndi zaka chigamba osang'ambika.

Asodzi akadandaula kuti akuchedwa, iwo ankangoti, "Ndikuchikhwimitsa. Chitsulo ichi chimakhwima ndi nyundo, moto umachifewetsa."

Liwu limenelo ndi limene linawadya. Kwathu kuno chinangwa chimakhwima, nzimbe imakhwima, palibe wodabwa. Koma munthu akakhwima ndiye kuti wapita kwa sing'anga, ali ndi zake zobisika. Poyamba zinali nthabwala chabe. "A Idrisa ngokhwima, zigamba zawo sizitha!" Eni ake ankaseka nawo chikhakhali, osadziwa kuti nthabwala ikakhalitsa pakamwa pa anthu imamera mano.

Chaka china nsomba za mpasa zitayamba kukwera mtsinje, Hamidu, msodzi wa mtima wapachala, anabwera ndi bwato long'aluka pansi, akufuna chigamba tsiku lomwelo. A Idrisa anakana kukhoma chosamenya mokwanira, ndipo anasinthana mawu anthu akumva. Hamidu anangomata phula nkubwerera kumadzi. Posakhalitsa ng'ona inamugwira akuonjola ukonde m'bango. Ng'ona za mu Bua zadya anthu chiyambire makolo, koma iyi yokha inapezeka kuti ili ndi mwini wake. Pamaliro palibe anakhala pafupi ndi a Idrisa.

Mabwato anasiya kubwera, ndipo manong'onong'o anakula oti munthuyu achoke pa dooko. Achoke apite kuti? Anabadwira pomwepo, makolo awo ndi mkazi wawo anagona m'manda a pomwepo. Mlongo wawo Maimuna ndiye anabwera ndi mawu ochokera kwa akuluakulu a asodzi: chigamba chilichonse chizidutsa kaye pamoto anthu akuona. Ngati muli mankhwala apsa, ngati mulibe, choopa nchiyani?

"Achimwene, vomerani," anatero Maimuna. "Moto wokha basi, anthu aone kuti mulibe kanthu."

"Chemwali, moto ukachigwira chimabwerera kukhala poto. Ntchito yonse ya nyundo imathera pomwepo."

"Ndiye mukufuna akugwetsereni nyumba? Wallahi, ine sindingapirire kukuonani mukusamuka ndi imvi izi."

A Idrisa anavomera. Wamisala anaona nkhondo, koma ndani amamvera munthu amene dziko lamuweruza kale? Asodzi anayatsa makala pakati pa dooko, a Idrisa nkumaika zigamba zawo pamoto ndi manja awo omwe, mtima ukuwawa ngati wina akuwazula dzino. Zitazizira anazikhoma pa mabwato mwaluso lawo lonse, akumva m'zala kuti chitsulo chafa. Asodzi anaomba m'manja nati nkhani yatha.

Mwera usanaleke kuomba, zigamba zinayamba kupindika m'mbali mwa misomali, zina kung'ambika pamchenga. Mabwato ankafika kumtunda anthu akukapa madzi. Palibe anamira, ndipo chowawa kwambiri nchakuti palibe anakwiya. Ankangogwedeza mitu mokhutira.

"Mwaona? Mankhwala apsa, zigamba zafanana ndi za wina aliyense. Tinkanama ife?"

A Idrisa anayesa kufotokozanso za nyundo ndi moto, koma anthu anali ataona ndi maso awo. Mwezi wotsatira anamanga katundu wopita ku Dwambazi, kwa mkamwini wawo, komwe lero amalima chinangwa ndipo sagwira nyundo. Chidutswa cha njanji anachisiya, palibe analimba mtima kuchitola.

Tsiku losamukalo Maimuna yekha ndiye anawaperekeza kumsewu, atasenza mphasa yawo, misozi ili mbwee. Galimoto itaonekera patali, anayang'ana uku ndi uku, nkuwagwira dzanja mwachikondi.

"Achimwene, pano tatsala awiriwiri, sindiuza munthu. Munapita kwa sing'anga uti?"