Sindinapepese kwa Mwini Damu

Ndikukumbukira bwino dzinja la chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, chifukwa ndi chaka chimene mudzi wonse unanditcha mwana wamwano. Dzinalo ndinalilandira ndi manja awiri, ndipo mpaka lero sindinalibweze.

Nyumba yathu inali m'munsi mwa damu, cha kumtunda kwa Lifuwu. Damulo silinali la boma ayi. Analikumbitsa bambo wina wa ku Lilongwe, amene anatseka kamtsinje ndi khoma la dothi kuti Loweruka anzake azibwera kudzapalasa timaboti ndi kuwotcha nyama. Bambo anga ndiwo ankatchetcha udzu pamenepo ndi kukankhira alendo timabotito m'madzi. Ntchito imeneyo ndiyo inkatidyetsa.

Pambali pa khomalo panali ngalande yotayira madzi damu likadzaza. Koma mwini damu ankadandaula kuti chambo chake chikuthawira m'ngalandemo, choncho analamula bambo kuti atsekemo ndi matumba a mchenga. Madzi anakwera mpaka kumanyambita udzu wa pamwamba pa khoma. Kenako kunsi kwa khomalo kunayamba kutuluka timadzi, ndipo ife, m'malo mochita mantha, tinasangalala! Amayi a m'mudzi anati tapeza kasupe. Ankachapa pomwepo, ena mpaka anadzalapo tomato, n'kumathokoza bwana chifukwa cha madzi aulere.

Tsiku lina ndinapita kukachapa bulauzi yanga yoyera ya kusukulu. Nditaiviika, inatuluka yofiira ngati ndaigubuduza pa katondo. Madzi aja amene ankatuluka oyera tsopano ankabwera ndi dothi, ndipo kabowo kamene kale kankangolowa chala kanali koti n'kulowetsamo mkono wonse. Sindinafunike munthu wondiuza kuti dothilo linkakokoloka m'kati mwa khoma. Ndinayang'ana khomalo, ndinayang'ana denga lathu kumunsi, kumene mng'ono wanga wakhanda anali gone pakhonde.

Nditawauza bambo, anangoti, "Iwe, za akuluakulu zisiye. Ukufuna tizidya chiyani pano?"

Loweruka litafika, alendo atadzaza, wailesi ikulira, utsi wa nyama uli tolotolo, ndinalowa pageti bulauzi ija ili m'manja. Ndinapita mpaka pamene mwini damu anakhala ndi anzake.

"Bwana, damu lanu likudyeka kunsi. Chotsani matumba aja, ife timagona m'munsimu."

Alendo anafa nacho chiseko, koma mwini damu sanaseke. Anafunsa kuti mwana ameneyu ndi wa ndani, ndipo bambo anabwera akuthamanga kuchokera kumaboti, buluku litanyowa mpaka m'mawondo.

"Gwada, upepese!" anatero bambo.

Kugwada ndinagwada, pakuti kwathu mwana salankhula ndi wamkulu ali chiimire. Koma mawu oti pepani sindinawanene. Ndipepese chiyani? Kodi ndi ine ndinatseka ngalande? Bambo anathyola kanthambi ka bulugama n'kundikwapula pamaso pa anthu onsewo. Ndinalira, inde, ndipo ndinawakwiyira bambo koopsa, koma ndikulira choncho ndinabwerezanso kuti, "Chotsani matumba."

Kunyumba amayi anaona mikwingwirima ya m'miyendo mwanga, anatenga bulauzi ija n'kuitembenuza uku ndi uku, kenako anakwera okha kukaona bowo lija. Pobwera anangolumbira kuti: "Wallahi, ana anga sangafere nsomba za munthu."

Kutacha anatenga khasu, naitana amayi anzawo omwe aja ankachapa pakasupe. Sanabisale ayi. Dzuwa likuswa mtengo, mwini damu akukuwa kutsidya, anang'amba matumba onse, ine ndikukoka zotsalira n'kumaponya kumtunda. Madzi anathamanga m'ngalande ndi mkokomo, chambo chikuphiriphitha m'madimba, ana akutola ndi mabeseni.

Bambo anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Anayamba kuyendera maganyu m'minda ya mpunga ku Lifuwu, ndipo kwa nthawi yaitali sankandilankhula. Chimvula chinagwa champhamvu dzinja limenelo, madzi n'kumadutsa m'ngalande, ndipo khoma silinagumuke. Apa ndiye anthu anandipezerapo: "Mwaona? Damu lili chilili. Kamwana kamwano kaja kangowachotsetsa bambo ake ntchito pachabe."

Ndakula ndikumva mawu amenewo, ndipo ena amawanenabe ndikapita kumudzi. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti ukachenjeza anthu ngozi n'kulephereka, sukhala ndi umboni woonetsa munthu, umangotsala ndi mbiri yoipa. Zilibe kanthu, anene. Ndikanapepesa tsiku lija, akanandiyamikira kuti ndinali mwana waulemu, mwina akuchokera kumanda kokandiika.

Bambo sanandiuzepo kuti ndinakhoza, ndipo ine sindinawapepesepo. Akugonabe m'nyumba yomwe ija, m'munsi mwa khoma lomwe lija, ngakhale damulo pano lili ndi mwini wina. Koma mvula yoyamba ikangogwa, nkhalamba ija imanyamula khasu osauza munthu, n'kukwera pang'onopang'ono kukaona ngati wina waikamo thumba m'ngalande.