A Khadijah ndi dimba la sukulu ku Ghana

A Khadijah Kalimu anayamba kugulitsa masamba mumsika wa Limbe amuna awo, amene ankayendetsa lole, atamwalira. Amalawirira kukapikula kwa alimi a ku Bvumbwe, n'kukhala pabenchi mpaka madzulo. Kutali kumene anafikako m'moyo wawo kunali ku Mangochi, ndiyenso kumaliro.

Mwana wawo Shamila anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Ghana amene anadzagwira ntchito ya unamwino ku Blantyre kuno. Ntchito itatha, anatengana kupita kwawo kwa mwamunayo, kumudzi wina kumpoto kwa dzikolo. Shamila ali woyembekezera, mkamwiniyo anatumiza tikiti ya ndege.

"Chizungu sindichitha ine, ndikayankhula chiyani kumeneko?" anafunsa a Khadijah pafoni.

"Ingobwerani amayi, ndizidzakumasulirani," anayankha Shamila.

Koma Shamila anachira movutikira, ndipo masiku ambiri ankangogona ndi khanda lake. Abale a mkamwini anawalandira bwino a Khadijah, kungoti akapatsana salamu nkhani inkathera pomwepo. Kunja kunkawomba mphepo yafumbi yong'amba milomo. Mayi wozolowera phokoso la mumsika ankangokhala pakhonde, kusowa chogwira.

M'mawa wina anaona ana a sukulu atasenza zitini za madzi, akulowera kuseri kwa makalasi. Anawatsatira. Kumeneko anapeza dimba lotchingidwa ndi mapesi, muli therere, tomato, chidede ndi mitengo ya chammwamba. Nthaka inali youma gwa, koma mbewu iliyonse inali m'kadzenje kakekake kothiramo manyowa, kuti madzi asathawe. Ndiwo zake ndi zimene anawo ankadyera chakudya cha masana.

Woyang'anira dimbalo anali mayi wina wa msinkhu wawo, dzina lake Amna, yemwenso ankaphikira anawo. Anawayang'ana a Khadijah kwa kanthawi, kenako anathyola therere limodzi n'kulitchula m'chinenero chake.

"Therere," anatero a Khadijah.

Ana anayesa kulitchula, lilime n'kuwakanika, ndipo onse anafa nacho chiseko. A Amna anawapatsa a Khadijah khasu.

Kuyambira tsikulo a Khadijah akamusambitsa mdzukulu, ankapita kudimba. Awiriwo ankacheza ndi manja. Anakanganapo za chidede: a Khadijah ankathyola masamba okha, a Amna n'kumawalozera timitu take tofiira. Mawa lake anawabweretsera chakumwa chowawasa chophikidwa ndi timituto, ndipo a Khadijah anamwa makapu awiri.

Miyezi itatu itakwana, a Khadijah akubwerera kwawo, a Amna anawamangira mbewu pakansalu. Pabwalo lina la ndege, mbewuzo anawalanda, ati sizingadutse popanda chilolezo. A Khadijah sanatsutse, koma mundege misozi inawatuluka.

Atafika ku Kanjedza anapita kwa a Shehe Abdala, amene amaphunzitsa ana pamadrasa ya pafupi ndi kwawo.

"A shehe, kamalo kali kuseri kwa mzikitika mundibwereke, ndilimepo ndi ana."

"Pamiyala paja, mayi? Nanga madzi?"

"Madzi amene anthu amasamba asanaswali amangotayika. Tikumba kangalande."

A shehe anavomera, ngakhale mokayika. Mbewu a Khadijah anagula ku Limbe konkuno. Chaka choyamba nkhuku za oyandikana nawo zinafukula zonse, ndipo makolo ena anadandaula kuti ana akubwerera kunyumba ali matope okhaokha. Chaka chachiwiri anatchinga ndi matumba akale a simenti, therere ndi chidede zinabereka. Ana amagawana ndiwozo Lachisanu, aliyense kamtolo kake kopita nako kwawo.

Masiku ano maondo amawavuta, moti sawerama nthawi yaitali. Loweruka benchi ya kumsika amasiyira mng'ono wawo, iwo n'kukakhala pachidebe m'dimbamo, kumalozera ana pokumba. A shehe awonjezerako malo mpaka kumpanda, ndipo a Khadijah akuti mvula ikatha adzalapo anyezi.