Ndinatsekeredwa m'sitima yomira poopa apongozi

Inu owerenga, ine ndi mnyamata amene ndinatsala pang'ono kufera m'chipinda chachitsulo chifukwa cholephera kunena kuti sindingathe.

Kwathu ndi kumtunda kwa Mwadzama, kumene timalima chinangwa. Kusambira ndinaphunzirira m'madambo basi. Nditakwatira ndinapita chikamwini kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathirira m'nyanja. Apongozi anga aamuna ndi asodzi, ali ndi khoka lawo. Monga mkamwini watsopano sindinkawayang'ana kumaso, ndipo chilichonse chimene anena ndinkangovomera.

Pamalopo pali sitima yakale yomira. Akuluakulu amati inali ya asilikali a pamadzi m'nthawi ya azungu, yoyendera nthunzi, ndipo ankaisonkhezera nkhuni. Pa nthawi ya nkhondo ntchito yake inali kukoka maboti akuluakulu onyamula asilikali. Nkhondo itatha inkakoka maboti a mpunga ndi matabwa mpaka inakalamba. Anaimangirira pamenepo, mwera n'kudula zingwe, iyo n'kupendekeka n'kumira. Madzi akachepa, ngodya ya chipinda cha woyendetsa imaonekera pamwamba.

Tsiku lina m'mawa khoka lathu linakola pasitimayo. Apongozi anafunsa ngati ndingamire kukalikolola. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, anaseka.

"Alamuwa? Atate, musawavutitse, awa amadziwa kumira m'mbale ya ndiwo basi!"

Onse m'bwato anaseka. Ine ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndikhoza. Ndinkafuna kuti apongozi aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wachabechabe.

Nditamira ndinapeza kuti chingwe cha khoka chakulungika pachitseko cha chipinda chija, mbali ina chalowa m'kati. Ndinalowa kuti ndichimasule. Anthu a m'bwato ataona chingwe chikugwedezeka anayesa kuti ndamasula, ndipo anakoka ndi mphamvu. Chitseko chinatsekeka ine ndili m'kati.

Ndinakankha, osatheka. Matope anavunduka, sindinaonenso kanthu. Ndinayandama mpaka mutu unagunda denga, ndipo pangodya paja ndinapeza kampata ka mpweya, kongokwana mphuno ndi pakamwa. Panali kawindo kozungulira kopanda galasi, koma mutu sukanatulukapo. Ndinatulutsa mkono n'kumakupiza. Bwato ndinkaliona, mawu awo ndinkawamva, koma ndikafuula madzi ankandilowa m'kamwa. Mphepo inayamba, ndipo funde lililonse linkatseka kampata kaja. Ndinkadikira lidutse kuti ndipumenso. Ndinaganiza za mkazi wanga amene anali woyembekezera, ndipo ndinalira ngati mwana.

Amene anaona mkonowo ndi mlamu yemwe uja. Anandigwira dzanja osalisiya, akungoti, "Alamu, pumani, musasiye kupuma." Apongozi, munthu wachikulire, anadula okha khoka lawo ndi mpeni kuti chingwe chikhwefuke, kenako anamira n'kukanula chitseko ndi nkhafi. Ananditulutsa atandigwira pakhosi pa malaya.

Chitsulo chadzimbiri cha pawindo chinandicheka kwambiri mkono. Kuchipatala anasoka, koma zala ziwiri sizipindikanso, moti khasu ndimaligwira movutika. Khoka lija linathera pomwepo.

Chimene chinandipweteka koposa ndi mawu a apongozi titafika kumtunda. Sanakalipe. Anati akanadziwa kuti sindinamirepo m'nyanja akanatuma mlamu, chifukwa iyeyo sitimayo amaidziwa bwino ndipo sakanalowa m'chipindamo. Anangondifunsa chifukwa chimene sindinanenere.

Anyamata anzanga amene muli pachikamwini, ulemu ndi wabwino, koma musavomere ntchito imene simukuidziwa pofuna kukondweretsa akuchikazi. Akusekeni tsiku limodzi, palibe kanthu. Ndipo inu asodzi, khoka likakola pachitsulo chomira, musakoke chingwe munthu ali pansi musanamuone atatulutsa mutu.