Alamu Anga a Moffat ndi Chigafa Chopendekeka

Mlongo wanga Fainala atabwera ndi a Moffat kudzawaonetsa kwathu ku Chamama, tonse tinati mbumba yathu yatola. Anali munthu woti anakhalako ku seminale, n'kubwerako asanavale mkanjo wa unsembe. Ine amene sukulu ndinaitsanzika mu Sitandade 5 ndinati basi, pakhomo pano pabwera mutu. Mutuwo unabweradi. Manja ndi amene tikuwadikirabe.

Musandimve molakwa. A Moffat si chidakwa, samenya mkazi, ndipo kumunda amapita. Vuto lawo ndi phunziro lomwe anatenga kuseminaleko, lotchedwa filosofe. Iwo amati ndi kukonda nzeru. Ine ndimati ndi luso loyankha funso lomwe sunafunsidwe, lofunsidwalo n'kulisiya padzuwa.

Chaka chatha fodya wawo anaposa wanga, sindibisa. Anathyola, anasoka, anapachika m'chigafa mpaka kudzaza. Koma chigafacho n'chakale, ndipo mphanda za mbali ya kum'mawa chiswe chinali chitazidya m'munsi. Chinayamba kupendekeka ngati munthu wochokera kumasese, mvula ili pachimake. Chikanagwa, fodya yense akanathera m'matope. Ndipo kwathu kuno ana a mlongo wako akagona ndi njala, anthu safunsa za bambo awo. Amafunsa kuti kodi malume awo ali kuti. Malumeyo ndine.

Ndinawapeza a Moffat atakhala pa mtondo wogadabuza, akuyang'ana chigafa chomwecho.

"Alamu, ichitu chigwa," ndinatero.

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndikuchiona ndi maso angawa."

"Maso amanama, alamu. Ikani ndodo m'madzi, ioneka yothyoka. Ku Girisi kunali gulu la anzeru lomwe linkati munthu asamafulumire kutsimikiza kanthu. Mwina wopendekeka ndinuyo."

Ndinagogoda mphanda ina ndi chigongono, dothi la chiswe n'kuyoyoka. Iwo anagwedeza mutu n'kunena kuti umboni umenewu ndi wosangalatsa.

M'mawa mwake ndinapitanso, nditanyamula nkhwangwa kuti mwina aione achite manyazi. Ulendo uno anali atasamukira ku gulu lina, la Asitoiki.

"Iwowo ankagawa zinthu pawiri," anandiuza. "Zomwe zili m'manja mwathu, ndi zomwe sizili m'manja mwathu. Mvula si yathu. Chiswe si chathu. Chathu ndi mtima wokha, kuti ukhale m'malo."

"Nanga nkhwangwayi ili mbali iti?"

"Funso labwino limenelo, alamu. Mukanapitiriza sukulu inu."

Fainala amene ankasoka fodya wotsala pakhonde anaponya singano pansi. Anati iye wathirira nazale mpaka msana kuuma, sangaonerere thukuta lake likuwola chifukwa cha anthu a ku Girisi amene sanagwirepo khasu la pano. A Moffat anamutonthoza mofatsa. Anati ku India nako anzeru anaona kuti palibe chokhalitsa pansi pano, ndipo kuvutika konse kumabwera chifukwa chokakamira zinthu.

"Ndiye lero musakakamire nthuli ya nkhuku," anayankha Fainala. "Achimwene, mwamvatu nokha zomwe ndimadya pakhomo pano."

Chondipsetsa mtima n'chakuti munthuyu sungayambane naye. Ukamukalipira amakuthokoza. Ukamutchula mlesi amafunsa kuti ulesi n'chiyani kwenikweni, ndipo pofika madzulo umapezeka kuti iwe ndi amene ukudzikayikira. Kutchalitchi amamukonda, pamaliro amamupatsa mpata wolankhula, anthu n'kumabwerako akuti Alick, uli ndi mlamu wanzeru. Ndimangoti mutengeni mukakhale naye nyengo ya fodya imodzi yokha.

Loweruka masana kumwamba kunada bii cha ku Kaomba, mphepo n'kuyamba kuwomba, chigafa n'kumalira ngati ngolo yopanda girisi. Sindinafunsenso munthu. Ndinakatenga mitengo yanga ya bulugama yomwe ndinasungira khola la mbuzi, n'kuikokera kwa Fainala. Ine kukumba, Fainala kufotsera. A Moffat anabwera, ndipo kunena zoona anagwira nawo mtengo, koma pakamwa sipanapume.

"Alamu, tikasintha mphanda zonse, chaka chamawa n'kusintha udzu, kenako mikangala yopachikapo fodya, kodi chidzakhala chigafa chomwechi kapena china?"

"Gwirani mtengo, a Moffat."

"Anzeru akhala akukangana pa nkhani yotereyi kuyambira kale."

"Akanganebe. Inu kankhirani kumanzere."

Tikumanga luzi lomaliza, mvula inafika ya matalala. Tinabisala m'chigafa momwemo, fodya akutikhudza m'mutu. Chinagwedezeka, koma sichinagwe. Ngakhale tsamba limodzi silinakhudze pansi.

Ndinali nditanyowa, m'manja muli matuza, mbuzi zanga zilibenso khola. Ndinayembekeza kuti mwina lero munthuyu anena kuti analakwa. Iye anandiyang'ana ndi chimwemwe chenicheni, ngati mphunzitsi amene mwana wake wakhoza mayeso.

"Mukudziwa, alamu, ku China kuli chiphunzitso china chakale. Chimati dziko limayenda bwino aliyense akakwaniritsa udindo wa malo ake: bambo akhale bambo, mwana akhale mwana, mchimwene asamale mlongo wake. Inu ndinu wa gulu limenelo ndithu, kungoti simudziwa."

"Nanga mkamwini, chiphunzitsocho chimati azitani?"

Anati mbali imeneyo anachoka kuseminale asanaifike. Kenako anakweza maso, n'kuloza pomwe madzi anayamba kudontha pafupi ndi phewa langa.

"Udzu wa apa nawonso watha, alamu. Wanu uja munamweta mu Juni ulipobe?"